Mimba yanga ndi ukwati wa Danilo

Lachiwiri, 10 Okutobala

Andigoneka. Chipinda 3, bedi lapakati, dripi kudzanja lamanzere, ndiye ndikulemba buku lili pabondo. A dokotala Vukotic ndi amene andiuza kuti ndizilemba chilichonse cholowa ndi chilichonse chotuluka, ndi nthawi yake. Ndinawafunsa ngati chotulukacho ndizifotokozanso maonekedwe ake, ndimayesa aseka. Sanaseke. Anandipatsa kapepala ka zithunzi zisanu ndi ziwiri, kuyambira zouma ngati za mbuzi mpaka madzi enieni, ati ndizingolemba nambala. Zaka zinayi ku yunivesite, ntchito yanga yoyamba ndi imeneyi.

Chabwino. Lero ndapita ka 11, konse nambala 7. Pasikelo 49, mu Ogasiti ndinali 55. Magazi atenga timabotolo tinayi. Pakhadi ya kumiyendo kwa bedi alembapo kuti Nevena, zaka 24, kufufuza.

Koma chondisowetsa mtendere kwenikweni ndi pa 22. Danilo akukwatira pa 22, Lamlungu la sabata yamawa, ndipo kuma wake, ndiye kuti mboni yake ya paukwati, ndine. Ine amene. Agogo a bambo anga ndi amene anayamba kugwira ana a kwa a Milisav pa ubatizo, ndiye chiyambire pamenepo mwana aliyense wa nyumba imeneyo timamugwira ndife, dzina timamupatsa ndife, ndipo akamakwatira, woima kumbuyo kwake ndi kandulo amachokera kwathu. Danilo anamugwira ndi bambo. Bambo anatisiya zaka ziwiri zapitazo, mwana wawo ndine ndekha. Mu Epulo a Milisav, bambo ake a Danilo, munthu wa zaka 68, anabwera kwathu atavala jekete, botolo la rakiya, kachasu wa kwathu kuno, ndi apozi m'manja, n'kuima chiimire m'khitchini mpaka ine, kamtsikana, ndiwauze kuti khalani pansi. Ukumu, udindo wa kuma umenewu, sakana. Ndinavomera.

Mwambo wa m'tchalitchi ndi mphindi 45 uli chilili kutsogolo, anthu 200 ali kumbuyo kwako, khomo lili kutali uko. Ine chiyambire Seputembala sindinakhalepo phee theka la ola lathunthu mimba ikayamba. Masiku atsala 12.

Lachitatu, 11

Kuno tsiku limayamba 6 koloko ndi nyali m'maso ndi choyezera kutentha m'khwapa. 7 koloko tiyi wopanda mkaka ndi buledi wouma. 9 koloko madokotala amayendera, ndipo isanafike 9 bulangete likhale lowongoka, zonse zapakabati zibisidwe, iwe ugone chagada ngati mtembo waulemu. Woyang'anira zimenezi ndi Sisitala Radmila, wamfupi, woyenda ngati akuthamangitsa basi. Amanditchula kuti a Pulofesa chifukwa cha bukuli.

Chimbudzi chili kumapeto kwa kolido, chimodzi cha zipinda zinayi. Uzikoka chitsulo cha dripi, ndipo tayala lake limodzi limalira, ndiye wodi yonse imadziwa kuti wa chipinda 3 wanyamukanso. Tishu ndi yako yochokera nayo kunyumba. Kawiri ndapeza muli munthu, ndinaima n'kumawerenga matailosi, thukuta lili kamukamu.

Bedi la kuwindo ndi la Teta Kosara (Teta ndiye kuti azakhali), zaka 71, miyala m'ndulu, akudikira opareshoni. Matenda anga anawapeza asanandifunse n'komwe dzina. Ati ndinkakhala pasimenti yozizira ndili mwana, ndimatuluka panja tsitsi lili lonyowa, ndipo atsikana a masiku ano timavala mabulauzi osafika pamchombo. Mankhwala ake, ati, ndi kakapu ka rakiya wothira tsabola.

"Zikakanika pamenepo, mwamuna. Mimba ya namwali imachira ndi mwamuna."

Ndinawafunsa kuti iwo anakwatiwa kangati. Ati kawiri. Ndinati nanga miyalayo yachokera kuti? Anaseka mpaka kugwira m'nthiti, ati miyalayo ndi amunawo, wamkulu ndi woyamba uja.

Koma windo satsegulitsa. Ndinangokhudza chogwirira chake, ati mphepo yodutsa inapha mlamu wawo. Ndiye m'chipinda muno mpweya ndi womwewo wa dzulo, ndipo wanga ndimausunga mpaka ndikafike kukolido. Mimba ili ngati ng'oma.

Ka 8. Chakudya andilamula: mpunga, mbatatesi, karoti, nkhuku yowiritsa. Anyezi ayi, adyo ayi, nyemba, kabichi, mkaka, zonse ayi.

Lachinayi, 12

Ndapereka chimbudzi m'timabotolo titatu, ka tizilombo, ka magazi obisika, ndi ka kuona ngati matumbo atupa. Ndinatinyamula m'thumba la gauni ngati ndaba.

M'mawa ndinali bwinoko, kawiri kokha. Mama anabwera 3 koloko ndi fulasiki ya supu ya nkhuku, yoyera mbee, yosefa, muli karoti basi. Anaima pompo mpaka ndimalize makapu awiri. Mama akamakamba za matenda anga amatsitsa mawu, dzina lake satchula, amangoti "zija". Zija zili bwanji lero? Kenako anandiuza, maso ali pafulasiki, kuti oyandikana nawo ndi a kwa a Milisav awauza kuti ndi ndulu. Ndinati mama, ndulu ndi ya Teta Kosara. Ati ndulu ndi matenda oti munthu angatchule patebulo, nanga akanati chiyani, kuti kuma wa anthu akutsegula m'mimba?

Ndinakwiya, koma inenso kwa zaka zitatu ndakhala ndikunena kuti ndi mutu.

Kuyambira 5 koloko, kupotokola kumanzere, mmunsi. Ka 7 tsiku lonse.

Lachisanu, 13

Sikani ya m'mimba. Mafuta ozizira, bambo wosalankhula. Chiwindi bwino, ndulu bwino, impso bwino. Magazi bwino, kupatula kuti madzi anachepa m'thupi. Dripi achotsa, ndamasuka ku chitsulo cholira chija.

Danilo watumiza uthenga. Ati kuma, miyala yakoyo usataye, tiika pamphete, golide wakwera mtengo. Ine ndi Danilo tinakulira limodzi, anandiphunzitsa kupalasa njinga pondikankhira mumtsinje, koma bambo ake akakhalapo amanditchula kuti "inu" ndipo makutu ake amafiira. Ndinamuyankha ndi kankhope koseka. Sadziwa kanthu.

Palibe amadziwa. Ndimadziwa chimbudzi chilichonse kuchokera kuno mpaka ku mzinda wa Novi Sad, chotseka ndi kiyi, cholipira, chopanda madzi. M'kalasi ndinkakhala pafupi ndi chitseko. Tsiku la mayeso sindinkadya kuyambira dzulo lake. Chaka chatha ndinaimitsa basi pakati pa minda ya chimanga, ndinauza dalaivala kuti ndikufuna kusanza, chifukwa kusanza anthu amakumvera chisoni. Anthu makumi anayi ankayang'ana pawindo chimanga chikugwedezeka. Chiyambire pamenepo basi sindikwera ndisanamwe piritsi, ndipo anzanga anasiya kundiitana kukamwa khofi. Ati Nevena anayamba kunyada.

Choipa n'choti umatha milungu itatu uli bwinobwino, n'kuyamba kukhulupirira kuti zatha. Mu Epulo ndinali choncho. N'chifukwa chake ndinalandira apozi uja ndikumwetulira.

Supu ya mama 3 koloko. Madzulo zomwezo. Ka 7.

Loweruka, 14

Ka 9. Mphamvu ndilibe. Madokotala sayendera Loweruka. Teta Kosara andifunditsa juzi lawo pamimba, lonunkha mankhwala a njenjete. Ndalisiya pompo.

Masiku 8.

Lamlungu, 15

Mawa andilowetsa kapaipi ka kamera, kolowera kumbuyo. Ndiye lero kudya ayi, ndimwe malita anayi a mankhwala otsuka matumbo, kapu imodzi mphindi 15 zilizonse. Amakoma ngati madzi a m'nyanja othira mandimu owola. Munthu wotsegula m'mimba kumupatsa mankhwala otsegula m'mimba, abale.

Ndipo anasankha tsiku! Lamlungu, alendo ali thoo. Kwa Teta Kosara kwabwera anthu asanu ndi awiri, ana, apongozi, zidzukulu, ndi chitumbuwa cha tchizi chotentha, tsabola wootcha wothira adyo, soseji. Ayala nyuzipepala pabedi langa lomwe. Aliyense akundipatsa mbale, ati kamodzi kokha, waonda ngati chingwe. Ine ndikudutsa pakati pawo mphindi khumi zilizonse, pepani, pepani, pepani. Kachisanu mpongozi wawo anangosuntha mpando n'kundipangira msewu osandiyang'ana. Mulungu amudalitse.

Lero ndi tsiku loyatsa mapaipi otenthetsa m'nyumba. Windo lili chitsekere. Ndasiya kuwerenga pa 16.

Lolemba, 16

Zatheka. Jakisoni padzanja, ndinawerenga mpaka 4, ndinadzuka ndili m'chipinda Teta Kosara akundiyang'ana pafupi ngati akufuna kundigula. Ati ndili mtulo ndimakangana ndi wansembe.

Atenga tizidutswa tating'ono kukayeza. Ndamwa tiyi. Mama anabwera ndi supu, ndamwa kapu imodzi. Tulo.

Lachiwiri, 17

A dokotala Vukotic anaima kumiyendo kwa bedi ndi ophunzira awiri n'kunena kuti ali ndi uthenga wabwino. Matumbo anga ndi okongola. Anatero ndithu, okongola. Chotupa palibe, zilonda palibe, tizilombo palibe, buledi sakundidwalitsa. Tizidutswa tija tidzatuluka pakatha milungu iwiri koma sakuyembekezera kanthu.

Ndinafunsa kuti nanga ndikudwala chiyani. Ati ndi matenda a matumbo osachedwa kukwiya. Matumbowo ndi athunthu koma amamva zinthu mopitirira, chakudya china, mantha, kutopa, ndiye amafinya nthawi yolakwika. Sapha munthu. Sathanso. Amabwera n'kupita, munthu amangophunzira kukhala nawo.

Mankhwala: mebeverin 200, kawiri patsiku, mphindi 20 ndisanadye. Loperamid, woletsa kutsegula m'mimba, pokhapokha pakakhala ulendo kapena chinthu chachikulu, osati tsiku lililonse. Chakudya chomwechi kwa milungu isanu ndi umodzi, kenako ndizibwezera chimodzichimodzi kuti ndione chondiputa. Andilemberanso kalata yokaonana ndi dokotala wa za maganizo, ati si kuti ndapenga, koma mimba ndi mutu zimamvana kuposa mmene timaganizira.

Ndinawauza za Lamlungu. Anafunsa kuti ukwati wa ndani, nditati ndine kuma, anavula magalasi. Ati zimenezo sangandilembere kalata yondimasula, ngakhale atafuna. Ati ndimwe piritsi m'mawa, ndidye mpunga Loweruka, koma kulonjeza sangalonjeze.

Mama atamva anadzilemba mtanda katatu n'kupsompsona Sisitala Radmila pamutu. Ati mwamva, alibe kanthu mwana wanga, alibe kanthu! Kenako anatembenukira kwa ine n'kunena kuti ndiye basi, ndingolimba mtima, ndisamaganize za zija.

Ndinalowa m'bulangete. Ndinene zoona, buku ndi langa: ndinkafuna apeze kanthu. Kanthu kakang'ono, kodula n'kutaya, kokhala ndi dzina loti a Milisav angalimve n'kugwedeza mutu. Ndine munthu wanji wolirira kuti alibe chotupa?

Ka 6, kanayi mwa kameneko madzulo.

Lachitatu, 18

Lero ndiye kunali zinthu.

Sisitala Radmila anatenga bukuli m'mawa, ati a Pulofesa tione homuweki. Masamba a maganizo anga anawadumpha, kapena anachita ngati awadumpha. Anayendetsa chala pa nthawi zokha. Kenako anandifunsa kuti 3 koloko kumachitika chiyani, poti m'mawa uliwonse ndimakhala munthu, ikamakwana 5 ndimakhala mpope. Ndinati kumabwera mama. Ati ndi chiyani m'manja? Ndinati supu, koma yoyera, ya nkhuku ndi karoti basi.

3 koloko anali pakhomo kudikira. Anatsegula fulasiki, ananunkhiza, n'kufunsa mama mwaulemu kuti supu yonunkhira chonchi amaphika bwanji, iyenso akufuna akayese kunyumba. Mama anasangalala. Anayamba kufotokoza zonse, nkhuku ya kumudzi, madzi ozizira, moto wochepa maola atatu, ndipo anyezi wamkulu umamudula pakati n'kumuwotcha pachitofu mpaka ade, ndiye amapatsa supu mtundu wa golide, ndi adyo tiwiri.

Ndinati mama, anyezi?

"Ndimachotsatu. Ndimasefa kawiri. Taona, muli anyezi umu?"

Sisitala anawauza kuti chimene chimandipweteka mu anyezi chimasungunukira m'madzimo, ngati shuga mu tiyi, kuchotsa anyeziyo n'chimodzimodzi kuchotsa supuni. Mama sanakhulupirire. Ati supu yopanda anyezi si supu, ndi madzi osambitsira nkhuku, amayi awo ankadyetsa odwala onse supu imeneyi ndipo ankadzuka. Teta Kosara anawathandiza, ati anyezi sanaphepo munthu, chopha ndi windo. Sisitala anati bukulo ndi ilo, werengani nokha.

Mama anawerenga. Anavala magalasi, anayenda tsiku ndi tsiku, nambala 7, nambala 7, nambala 6. N'koyamba kuti aone zija zitalembedwa. Anawerenganso za basi ndi chimanga, ndinaona maso awo ataima pamenepo nthawi yaitali. Atamaliza anatseka fulasiki mwamphamvu, anaiika m'chikwama, n'kukhala pampando manja ali pamaondo.

Ndinafuna kukalipa, sabata yathunthu! Koma nkhope yawo inali ngati ya tsiku la maliro a bambo. Amadzuka m'mamawa kuphika supu imeneyo asanapite kuntchito. Ndinangoti mawa mubwere ndi mpunga. Ati mpunga wopanda kanthu? Ndinati wopanda kanthu. Ati ngati wa galu wodwala. Ndinati eya.

Supuyo amwa ndi Teta Kosara, ndulu ili apo.

Ka 3!

Lachinayi, 19

M'mawa kamodzi kokha, nambala 5. Ndinayenda kolido yonse kanayi, ndinayamba kuyeseza kuima. Ndinaima pafupi ndi bedi ndi botolo la madzi m'manja ngati kandulo, foni ikuwerenga nthawi. Teta Kosara anali wansembe, akuimba ndi mphuno. Ndinafika mphindi 31. Kenako ndinangoganiza kuti Lamlungu kumbuyoku kudzakhala anthu, pompo mimba inafinya, ndinathamanga. Anyezi mulibe m'thupi mwanga chiyambire dzana. Ndiye si anyezi yekha.

3 koloko mama analowa nkhope itasintha, kumbuyo kwawo a Milisav. Jekete lomwe lija, chipewa m'manja, ndi mbale yokutira nsalu. Nkhumba yootcha, ati ayesa ng'anjo ya ukwati dzulo, ndipo chidutswa choyamba n'cha kuma. Anaima mpaka ndinati khalani, a kum. Mwamuna timati kum, ndipo mabanja athu awiriwa timaitanana choncho. Teta Kosara anakonza mpango kumutu.

Anafunsa za miyala, kuti achotsa liti. Mama anayamba kuyankha kuti madokotala akuonabe. Fungo la nkhumba linali litadzaza chipinda, mimba inayamba kulira mokweza moti aliyense anamva. Ndinaona kuti ndikangolandira mbale imeneyo ndiye kuti ndidya, ndipo Lamlungu ndidzanamanso, ndi chaka chamawa.

Ndinati a kum, miyala ndilibe. Ndimatsegula m'mimba. Zaka zitatu tsopano, nthawi zina ka 10 patsiku, ndipo ikandigwira ndimakhala ndi mphindi ziwiri, kaya ndili m'basi kaya pamaso pa wansembe. Sizichira. Ndinanena zonse ndikuyang'ana mabatani a jekete lawo. Mama anali atayang'ana kukhoma.

Kenako ndinanena chimene ndakhala ndikuchiyeseza masiku atatu. Mwambo umalola kuti kum wakale akadalitsa, banja litha kutenga kum wina popanda tchimo. Ndinati ndikudalitsa. Danilo ali ndi anzake abwino, atenge mmodzi, ine sindidzadandaula ndipo bambo kumene aliko amvetsa.

Anatembenuza chipewa m'manja. Kenako anafunsa ngati ndikuwakana. Ndinati ayi, ndikuopa kuwachititsa manyazi.

"A kuma, mu Epulo ndinabwera kudzapempha nyumba yanu. Matumbo sindinafunse. Mukatuluka tidikira."

Ndinati pakati pa mwambo? Ati wansembe ndi wamng'ono kwa iwo, adikira. Anthu abwera kudzadya nkhumba zawo, adikira. Koma ngati ine sindikufuna, ndinene kuti sindikufuna, akauze mwana wawo kuti ukumu wa zaka zana wathera pa iye. Sanakalipe. Anangonena ngati akunena mtengo wa chimanga.

Sindinathe kunena kuti sindikufuna. Sizoona n'komwe.

Pochoka anatenga mbale ija n'kupatsa Teta Kosara, ndipo pakhomo anafunsa mama kuti kuma amadya chiyani, akauze ophika. Mama anati mpunga, mawu ali pansi.

Teta Kosara akuti mwamuna ngati ameneyo akanamupeza kale sakanakhala ndi miyala. Ine ndili gone kuyang'ana denga. Ndimayesa ndikanena zoona chitseko chitseguka ndituluke. Chatseguka, koma cholowera m'tchalitchi.

Ka 5.

Lachisanu, 20

Anditulutsa. Pasikelo 50. Kalata, mapiritsi, pepala la zakudya, kubweranso pa 6 Novembala. Sisitala Radmila akuti bukuli ndisasiye, ndipo ndikadzakhala pulofesa weniweni ndidzamutchule. Teta Kosara apita ku opareshoni Lolemba. Andipsompsona katatu n'kundiuza kuti Lamlungu ndivale kabudula waubweya mkati mwa diresi, m'tchalitchi mumazizira kuchokera pansi.

Danilo watumiza uthenga. Bambo ake amuuza. Ati kuma, zaka zitatu osandiuza, ndiwe chitsiru. Kenako wina: chimbudzi cha kutchalitchi chili kuseri, kudutsa manda a ansembe, wapita kukachiona yekha, wagula loko watsopano ndi tishu. Ndalemba kuti chitsiru ndi iwe.

Mama akudikira pansi ndi takisi. Ndipite kaye kumapeto kwa kolido.

Lolemba, 23, kunyumba

Ndilembe ndisanaiwale.

Loweruka mpunga ndi nkhuku basi. Lamlungu tiyi, mebeverin 7 koloko, loperamid 9 koloko. Kabudula waubweya ndinavala, asamve Teta Kosara.

Poyamba zinayenda. Ndinaima kumbuyo kwa Danilo, kandulo yaitali yomanga riboni yoyera ili m'manja, ndinasinthanitsa mphete osagwetsa. Wansembe anamanga dzanja la Danilo ndi la Tijana, mkwatibwi, ndi nsalu yoyera, anawaveka zisoti zachifumu. Ndinati mumtima, theka latha, Nevena, theka latha. Ndiye kulakwa kwake kumeneko. Atangoyamba kuwerenga kalata ya mtumwi, ndinamva kumanzere, mmunsi, kufinya kuja. Ndinapuma monga anandiphunzitsira kuchipatala. Kunabweranso kachiwiri, thukuta linatsika kumsana, ndinadziwa kuti izi si zopuma.

Ndinayang'ana a Milisav. Anangogwedeza mutu kamodzi, n'kupita kukanong'oneza wansembe.

Vuto linali kandulo. Kandulo ya kum siikidwa pansi ndipo siyenera kuzima mwambo usanathe, aliyense amadziwa, ati ikazima banja silikhala. Sitinaganizeko zimenezi, tonsefe. Ndinatembenuka nayo ili chiyakire, anthu 200 anapatuka pakati, ndinayenda, kenako ndinathamanga, dzanja lina likutchinga moto. Kumbuyo ndinamva nsapato zikundithamangira. Mama.

Pakhomo pa chimbudzi anandilanda kandulo. Ndinalowa, ndinatseka. Chitseko chake n'chamatabwa, chili ndi mipata, ndiye ndinkawaona msana, atawerama kutchinga mphepo ndi chikhoto chawo chatsopano.

Kenako kunabwera azimayi awiri a kuchikazi, ati kudzaona ngati kuma wakomoka. Mmodzi anatsitsa mawu, koma ndinamva bwinobwino. Anafunsa mama ngati mwina mtsikanayu ali ndi pakati, poti waonda, ndipo zoterezi zimayamba chonchi. Ndinatseka maso. Ndinadikira kumva za ndulu.

"Alibe pakati. Akutsegula m'mimba. Ndi matenda a matumbo, ali nawo zaka zitatu, ndipo wadzuka m'chipatala kudzaimirira ana amenewa. Akamaliza atuluka. Imani uku, mukundilowetsera mphepo."

Anaimadi uko. Nditatuluka ndinapeza azimayi atatu atapanga mpanda kuzungulira kandulo imodzi, phula litayenderera padzanja la mama mpaka pawotchi. Mmodzi wa azimayiwo anandithirira madzi m'manja, mnzake anandikonza diresi kumbuyo.

Danilo akuti zinali mphindi khumi ndi imodzi, anawerenga, chifukwa chisoti chimamuluma pachipumi ndipo dzanja lomangidwa linachita dzanzi. Kulowanso kunali kovuta kuposa kutuluka. Nkhope zonse zinatembenukira kukhomo, ana ena ankaseka, ndipo ndikudziwa kuti nkhani imeneyi idzakambidwa pa ukwati uliwonse m'mudzi umenewo mpaka ndidzakalambe. Ndinayenda mpaka kutsogolo, ndinaima pamalo a bambo.

Wansembe anali ataika chala pa mzere umene anasiyira. Anandiyang'ana, anayang'ana kandulo, ndinagwedeza mutu, ndipo anapitiriza kuwerenga.